Kodi nthabwala za matenda zili ndi malire?

Mayi wa ku Chibavi: Dzulo tinaonera filimu ina momwe wosewera ankadzigwetsa pansi ngati wodwala khunyu, thovu lili kukamwa, anthu n'kumafa nalo phwete. Mwana wanga amene amadwala matendawa anangoweramitsa mutu osayankhula. Kodi zoterezi n'zoyenera?

Bambo wa ku Luwinga: Pepani mayi. Wodwala akamaseka za matenda ake mwini amadzipepuza mtima, koma akamasekedwa ndi ena amangowonjezeredwa manyazi.

Mphunzitsi wa ku Katoto: Chimene chimandipweteka ine n'chakuti kuno ku Mzuzu ambiri amakhulupirirabe bodza lakuti matenda a khunyu amapatsirana kudzera m'malovu, ndipo filimu yotere imawaphunzitsa kuseka ndi kuthawa m'malo momugoneka wodwalayo cham'mbali n'kumuchotsera zinthu zimene zingamuvulaze.

Mayi wa ku Chibavi: Zikomo aphunzitsi, ndi zimenedi anzake amachita akagwa kusukulu.