Tikagone kuti ndi ana ku Senga Bay?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Achemwali anga akubwera kuno ku Salima ndi ana patchuthi cha Khirisimasi, ndipo tagwirizana zokagonako kunyanja pamodzi ndi amayi. Ineyo ndimakhala pa boma pompano, koma zamahotelazi sindizidziwa.

Mtima wanga uli pa Sunbird Livingstonia Beach, koma ndikufuna ndimve kwa amene munagonapo ndi ana ang'onoang'ono. Wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 4 ndipo akangoona madzi amathamangirako osayang'ana kumbuyo. Nchifukwa chake ndikufuna malo amene gombe lake ndi losaya, komanso pali munthu woyang'anira osambira. Amayi nawo mawondo amawavuta, ndiye chipinda chikhale chapansi, osati chokwera masitepe.

Anawa akulakalakanso kukaona mbidzi ku Kuti Wildlife Reserve ndi kukwera boti kupita ku Lizard Island. Kodi maulendo amenewa hotelo imakonza yokha, kapena tikambirane ndi eni maboti pagombe? Nanga majekete oteteza kumira a saizi ya ana amakhala nawo?

Ngati pali loji ina yotchipirapo yokhala ndi khitchini yoti tiziphikamo tokha nsima ndi chambo, ndiuzeni dzina lake komanso mtengo wa chipinda pa usiku mu Disembala.