Ndalama za atolankhani olemba za m'nyanja, fomu yake ndidzaze bwanji?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse abale, admin chonde vomerezani positiyi ndakhala ndikutumiza kuyambira dzulo. Ndine mtsikana mtolankhani pa kawayilesi kena kuno ku Salima, dzina sinditchula poti abwana anga ali mugulu momuno. Mnzanga wanditumizira uthenga pa WhatsApp woti bungwe lina la kunja likupereka ndalama kwa atolankhani olemba nkhani zachilengedwe za m'nyanja. Ine ndakulira kunyanja konkuno, mayi anga amagulitsa usipa wouma, ndiye ndangoona kuti mwayi wanga ndi umenewu. Vuto laputopu inafa mwana wa achemwali anga ataithira phala, ndikulembera pa foni yong'aluka galasi, kuntchito miyezi itatu osalandira akuti otsatsa malonda sanalipire koma galimoto ya abwana mafuta siisowa. Komanso muofesi muli mnzathu wina amene mawokishopu onse a ku Lilongwe amapita yekha, munthu woti chambo ndi mcheni sasiyanitsa. Alandilodi andipatsa mpaka pa 5. Ndiye fomu imeneyi ndidzaze bwanji kuti andisankhe? Zonyoza ayi chonde, mutu ukundiwawa kale.

Tadala wa ku KK:
Achemwali bungwe lake ndi liti? Ponyani linki tione kaye.

Ankolo a pa Chikombe:
Atolankhani inu mumandiseketsa. Zaka zonsezi nyanja ikutha muli phee, lero mwamva fungo la madola mwakumbukira kuti ku Salima kuli nyanja. Mwana wanga, nkhani siifuna fomu. Bwera pa doko mbandakucha uone anthu akukokera neti za udzudzu, zomwe zija achipatala amapereka kuti ana asadwale malungo, akukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe tosaoneka ndi maso. Ine ndayamba kupalasa bwato iwe usanabadwe, chambo tinkachita kusankha, chaching'ono kubwezera m'madzi. Lero chambo chimadyedwa ndi a mahotela basi. Lemba zimenezo ULERE.

Tadala wa ku KK:
Ankolo ulere adya chiyani munthu miyezi itatu osalandira? Kupita ku nyanja ya Chia ku Nkhotakota kokha ndi thiransipoti, chakudya, bandulo, pena kulipira bwato. Nkhani yofufuza imadya ndalama.

Mnyamata wa kabaza:
Sisi mu bajetimo mulembemo kabaza wa Kamuzu Road mpaka Senga Bay, ndilipo ine, lisiti ndimalemba ndekha mtengo mungonena inu kkkkk

Bambo a Yamikani:
Samalani. Ine chaka chatha ndinalandira uthenga ngati womwewo, wanga unali wa alimi a nsomba za m'madamu. Anati ndasankhidwa koma nditumize kaye ya kalembera pa foni, ndinatumiza, kenako ya kusintha madola, ndinagulitsa mbuzi ziwiri, tsiku lachitatu nambala osapezekanso. Mayi akunyumba mpaka lero mbuzi ikalira kwa aneba amangondiyang'ana. Akakuuzani kuti mulipire kanthu thawani, bungwe lenileni silipempha ndalama kwa munthu amene likufuna kumuthandiza.

Ankolo a pa Chikombe:
Mwaona, ndi zimenezo za pa foni. Ife ku chilumba cha Mbenji sitinadikire mzungu. Kuyambira m'ma 1950 mafumu a kwa Makanjira amatseka chilumba, December anthu onse kutuluka, kutsegula April, utaka uswane bwinobwino. Mowa ayi, chamba ayi, juga ayi. Wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Anthu ophunzira amabwera kudzafunsa kuti mumatha bwanji, ife tinayamba opanda bajeti opanda laputopu.

Nachisale:
Ankolo mwaiwala kunena kuti akazi saloledwa pa chilumbapo. Ndiye mtsikanayu nkhani yanu ya ulereyo akailembera pati, pa madzi?

Ankolo a pa Chikombe:
Aima pa Chikombe nafunsa amene abwerako. Mwambo ndi mwambo mayi, si ine ndinauyamba.

Nachisale:
Koma nsomba zikafika kumtunda owamba ndi kuyanika ndi ife, onyamula mabasiketi kupita nawo ku Lilongwe ndi ife. Achemwali ngati mukufuna nkhani lembani za amayi a pa doko, zimene ena amakumana nazo kuti apeze nsomba kwa asodzi zikachepa, aliyense akudziwa koma pa wayilesi zii.

Tadala wa ku KK:
Tabwererani ku funso abale. Chimene ndikufunsira linki ndi ichi, ife tikati nyanja timaphatikiza zonse, koma pa Chingerezi nyanja yamchere ndi ina, ngati yathuyi ndi inanso. Ngati fomuyo yalemba kuti marine kapena ocean akunena yamchere, ya ku Beira kapena Nacala uko, ndipo Malawi alibe gombe lotero. Bungwe lothandiza atolankhani la Pulitzer Center lili ndi pulogalamu yotchedwa Ocean Reporting Network, maso ake ali ku nyanja zamchere. Earth Journalism Network ya Internews imatulutsa mwayi wosiyanasiyana, wina wa nyanja zamchere wina wa zachilengedwe zina, ndipo nthawi zambiri amalemba mayiko amene akuloledwa. Werengani pamenepo poyamba musanathe bandulo. Mukakayika alembereni imelo kufunsa ngati nkhani ya Lake Malawi angailandire.

Aphunzitsi opuma:
Apa nditsutsa pang'ono. Madzi a nyanja yathu amatuluka pa Mangochi kulowa mu Shire, Shire nkukathira mu Zambezi ku Mozambique, Zambezi nkukathira mu Indian Ocean. Jumbo yotayidwa pa Senga Bay ulendo wake ndi umenewo. Mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 kuchindikala kwake boma linaletsa 2015, makampani anakokera nkhani kukhoti, Supreme Court inagamula 2019 kuti chiletso chikhalepo, koma pitani pa msika muone. Ana a masiku ano jogalafe munkajomba.

Tadala wa ku KK:
Aphunzitsi mfundo ndi yabwino koma akakufunsani umboni woti jumboyo inadutsa pa baraji ya Liwonde mpaka kukafika ku nyanja yamchere muwapatsa chiyani? Amafuna nkhani yoti mtolankhani akaiona ndi maso.

Che Jafali:
Bola polemba musalembe kuti Lake Nyasa ngati anzathu a ku Tanzania. Mukangotero mwagulitsa dziko.

Ankolo a pa Chikombe:
Dziko linagulitsidwa kale ndi zimaboti zokoka makoka zija zimene zimalowa kufupi ndi gombe usiku kumene siziloledwa. Ife a chilimira tikalakwa pang'ono ukonde kulandidwa nkuwotchedwa anthu akuonerera, koma za mabwana zimangodutsa. Ndani analembapo? PALIBE. Mumangobwera tsiku lotsegulira Mbenji kudzajambula magule, kulandira alawansi nkumapita.

Mayi a pa loji:
Ine zanga ndi madzi. 2024 nyanja inakwera mpaka mipando ya alendo inali m'madzi, mchenga wonse wa kutsogolo unamira, antchito theka anatiimitsa ine ndinakhala pakhomo miyezi inayi. Atolankhani anabwera kujambula nyumba za eni ake, ife otsuka mbale palibe anatifunsa.

Mkonzi wina wa ku Lilongwe:
Mwachidule poti ndili pa minibasi. Pafupifupi onse amafuna zinthu zomwezi: nkhani imodzi yolunjika osati mutu waukulu ngati kuteteza nyanja, zitsanzo za ntchito zanu zakale, bajeti yomveka, ndi kalata ya mkonzi yolonjeza kuti nkhaniyo idzaulutsidwa kapena kusindikizidwa. Kalatayo ndiye ikuvutani poti abwana mwawanena kale pagulu. Ndalamazo ndi za ntchito, lendi musaiwerengere, zimachedwa kufika. Funsaninso mabungwe a atolankhani, a MISA Malawi kapena Association of Environmental Journalists, mauthenga enieni amadutsa kumeneko.

Ankolo a pa Chikombe:
A Lilongwe mwabwera ndi Chingerezi chanu. Nsomba mumaidziwira m'mbale.

Mkonzi wina wa ku Lilongwe:
Kwathu ndi ku Dwangwa ankolo, mpasa wa mu Bua ndaudya ndisanaone tauni.

Ankolo a pa Chikombe:
Ndiye mpasawo uli kuti lero? Mitengo munadula, mtsinje wadzaza matope, nsomba iswana pati? Yankhani.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse ndawerenga. Ankolo sindinabwere kudzanyozedwa, ine usipa ndayanika nawo pa thandala kuyambira ndili sitandade 3. A Nachisale nkhani ya amayi ija yandigwira mtima. Za kalata ya abwana ndiye zovuta, sitikuyankhulana kuchokera tsiku lija ndinafunsa za malipiro pa mitingi. Pali amene angandibwereke laputopu usiku umodzi wokha? Akutseka mawa.

Tadala wa ku KK:
MAWA?? Achemwali linki ija mpaka pano. Bungwe lake ndi liti, alemba nyanja iti?

Bambo a Yamikani:
Ndipo sanayankhe ngati amuuza kuti alipire.

Mnyamata wa kabaza:
Sisi za kabaza zija zilipobe eti