Liwu lija ndalipeza kwa agogo ku Santhe

Sabata yatha ndinafunsa dzina la chisoni chija chimene munthu salira, amangokhala duu, maganizo ali kutali. Ambiri munati ndi chisoni basi, koma mtima wanga sunakhutire.

Loweruka ndinapita kumudzi ku Santhe. Ndinapeza amalume ali pakhonde, atapinda manja pachifuwa, maso ali pa fodya wofota ndi dzuwa. Agogo anandinong'oneza kuti, "Asiye mwanawe, akhumata." Anati kukhumata kumayambira m'thupi, munthu kudzifungata ngati wagwidwa ndi chisanu cha mu Juni, kenaka n'kulowa mumtima.

Liwu la Chingerezi lonena za chisoni chotere, lakuti melancholy, linachokera ku Chigiriki, kutanthauza ndulu yakuda. Ine ndakonda lathuli, chifukwa amalume ndinawaona kuti akhumata ndisanafike n'komwe pabwalo.