Mwana wanenepa kwambiri chiyambireni kutsala ndi agogo ake, ndiwauze bwanji?

mayi_wa_awiri:
Abale ndithandizeni maganizo. Ine ndi amuna anga tonse timapita kuntchito ndiye mwana wathu wa zaka 6 amatsala ndi agogo ake, apongozi anga, tikukhala nawo nyumba imodzi chaka chachiwiri chino. Mdzukulu wawoyu amamukonda, izo zokha sindingakane, koma mwanayu wanenepa moti zovala zongogula kumene zikumuthina, akathamanga pang'ono ali wefuwefu. Kuchipatala atamuyeza anati kulemera kwake kwapitirira tikatengera zaka ndi kutalika kwake. Madzulo ndimapeza mapepala a maswiti ndi mabisiketi pansi pa mpando, botolo la zakumwa zotsekemera lili mbee, kenako pachakudya agogo amati m'mbale musatsale kanthu. Ndinayesa kuwauza kamodzi anangoti "bambo akewa ndinawalera chomwechi, adwala chani?" tsiku lonse osandiyankhulanso. Nditani kuti ndisawakhumudwitse poti popanda iwo kuntchito sindingapite?

namwino_wa_ana:
Mwachita bwino kuyamba pano asanakule. Si nyumba yanu yokha, kafukufuku wa ku China komanso ku UK anapeza kuti ana amene amasamalidwa kwambiri ndi agogo amakhala pachiopsezo chokwererapo chonenepa mopitirira, koma musamve ngati agogo ndi oipa ayi, nkhani ndi zizolowezi: switi ngati mphoto, kukakamiza kumaliza chakudya mwana atakhuta kale, ndi kukhala pa TV nthawi yaitali. Kukakamizako ndiye kumandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa mwana amasiya kumvera mimba yake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 oposa 390 miliyoni anali onenepa mopitirira, ndipo ambiri amakula nako mpaka kudzakumana ndi shuga ndi BP. Yambani ndi zakumwa, kachitini kamodzi ka 330ml kamakhala ndi shuga wokwana timasupuni 8 kapena 9. Azisewera mothamanga mphindi 60 patsiku, azigona maola 9 mpaka 12. Chonde musamuike pa dayeti ya akuluakulu, akukula ameneyo, komanso osamamutchula wonenepa iye akumva.

gogo_wa_asanu:
Mwananga, ine ndine gogo ndiye ndilankhuleko za mbali yathu. Ifeyo tinakula tikuona kuti mwana akaonda ndiye kuti wadwala, ena tinaikapo ana m'manda, ndiye mdzukulu akamadya mtima umakhala m'malo. Chinanso mawondo awa, kuthamangitsana ndi mwana wa zaka 6 panja sindingathe, TV ndi kabisiketi ndizomwe zimamukhazika pansi kuti nane ndipumeko. Mpongozi wanga atandiuza koyamba zinandiwawa ndithu, ndinaona ngati akunena kuti sindidziwa kulera. Ndinasintha tsiku lomwe ananditenga kuchipatala ndikadzimvere ndekha kwa adokotala, ndinaona pa tchati paja pomwe mwana wafika. Apongozi anuwo atengeni, musawapititsire uthenga. Ndipo musawalande zonse, asiyireniko tsiku limodzi loti amupatse kenakake mdzukulu wawo.

bambo_wa_mapasa:
Funso langa ndi lakuti amuna anu ali kuti pankhaniyi? Amenewo ndi mayi awo, ayankhule ndi iwowo, inu mukamayankhula nokha zizioneka ngati mpongozi akulimbana ndi apongozi ake. Kwathu vuto linali loti m'nyumba muli akuluakulu anayi aliyense ndi lamulo lake, ana akakanizidwa uku amakapempha uko, mpaka tinakhala pansi tonse n'kugwirizana chimodzi. Komanso tisanamizire agogo okha, amagula zinthuzo ndani? Ine ndinadzipeza kuti ndimabwera ndi tchokoleti tsiku lililonse chifukwa chodzimvera chisoni kuti tsiku lonse sindinawaone anawo.

mayi_wa_awiri:
Zikomo nonse, agogo mwandikhudza mtima, za mawondozo sindinaziganizirepo ngakhale pang'ono pomwe apongozi anga amadandaula miyendo tsiku ndi tsiku. Mabisiketi ogula ndine ndemwe, ndimagula paketi yaikulu kumapeto kwa mwezi. Ndiyankhula ndi bambo ake usiku uno, tsiku lobwerera kuchipatala tipita atatu ndi amayi. Anamwino, nanga juwisi wa zipatso uja wolembedwa 100% naye timuchepetse kapena ameneyo alibe vuto?