Yankho ndalipeza: za masters ya psychology m'kati mwa PhD

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha. Ndinafunsa ngati mwana wanga, yemwe ali ndi digiri yoyamba ya psychology ndipo wapeza malo a PhD ku America, adzalandirenso masters. Nkhawa yanga inali yakuti akadzalekera panjira angabwerere kuno ku Lusaka chimanjamanja.

Tinatsatira malangizo a mayi aja amene anati tisamvere za m'maluwa, mwanayo alembere dipatimenti yake ndi kuwerenga handbook, buku la malamulo a maphunzirowo. Usiku womwewo tinaitsegula pa foni, magetsi atapita, mpaka tinapeza tsamba lake.

Masters ilipo. Imabwera akamaliza makosi oyambirira ndi kafukufuku wake woyamba, kawirikawiri cha m'chaka chachiwiri. Koma pasukulu yakeyo siibwera yokha: ayenera kudzaza fomu yoipempha, apo ayi satifiketi sadzaiona. A kudipatimenti anamuchenjezanso kuti masters imeneyi payokha siyomupatsa chilolezo chothandiza odwala.

Bambo amene munatchula za ku UK, munanena zoona. Kumeneko ambiri amalembetsa MPhil, yomwe ndi masters ya kafukufuku, kenako n'kukwezedwa kupita ku PhD, ndipo akakwezedwa MPhil ija salandira. Choncho funsani sukulu iliyonse payokha musanavomere malo, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Chinanso, pepala lochokera kunja liyenera kutsimikizidwa ndi ZAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro ku Zambia, pofunsira ntchito kuno. Ndamuuza kuti asunge transcript (pepala la zotsatira za makosi) ndi satifiketi ya masters ikangotuluka, asadikire ya PhD. Mtima wanga tsopano wakhala pansi.