Sitandade 2, ana oposa 100 ndi foni imodzi: ndithandizeni maganizo

Wa TP, Chilobwe

Moni nonse, makamaka inu amene mwakhala pa bolodi zaka zambiri. Ndine mtsikana amene ndikuphunzira uphunzitsi wa ku pulayimale, maphunziro a IPTE, ndipo pano ndili pa TP (nthawi yoyeserera kuphunzitsa m'kalasi) pa sukulu ina muno mu Blantyre. Anandipatsa sitandade 2. Ndili ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo.

Kalasi yanga ili ndi ana oposa 100. Amakhala pansi pa simenti mothinana, moti kuti ndifike kumbuyo ndimachita kudumpha miyendo ndi zikwama. Buku limodzi la Chichewa amagwirizira ana atatu kapena anayi. Ku koleji anatiphunzitsa njira za National Reading Programme: mphunzitsi ayambe yekha, kenako achitire limodzi ndi ana, pomaliza ana achite okha. Ndimatsatira ndithu. Ndikalemba pa bolodi maphatikizo monga nkha, nkhe, nkhi, kalasi yonse imayankha mokweza mpaka a sitandade 3 amatimva. Wodutsa panja anganene kuti ana onsewa akuwerenga.

Koma pali mnyamata wina amene amakhala pafupi ndi chitseko. Maso ake sakhala pa bolodi, amakhala pakamwa pa mnzake. Mnzakeyo akatsegula pakamwa, iyenso amatsegula, ndipo mawu ake amatuluka mochedwerapo pang'ono. Pa nthawi ya phala ndinamuitanira pambali n'kumulozera nkhe ndi chala. Anati "a". Ndinaloza phatikizo lina, anatinso "a". Si mwana wopanda nzeru ayi. Ndalama amaziwerengera mosaphonya chifukwa masana amathandiza amayi ake kugulitsa tomato. Chikundivutitsa n'chakuti ana otere alipo angati m'khamu limeneli? Pa mphindi 30 za phunziro sindingathe kumva mwana aliyense payekha.

Mnzanga wina ali pa TP kusukulu kumene kunafika matabuleti a pulogalamu ya BEFIT. Akuti ana amavala zomvera m'makutu, tabuleti imawayankhula m'Chichewa, mwana akalakwa imamubwereza, akakhoza imamupititsa patsogolo. Amatchaja ndi sola. Mwana amene amabisala m'mawu a anzake, pa tabuleti alibe pobisala. Nditamva zimenezi ndinasirira, komanso ndinachita mantha. Ngati kachipangizo kakutha kumvetsera mwana mmodzimmodzi, chinthu chimene ine ndikulephera, ndiye zaka ziwiri ndikuphunzirazi ndikukonzekera ntchito yanji? Yotsegula bokosi n'kugawa matabuleti?

Pathu matabuleti palibe. Ndili ndi foni yanga basi, imene magetsi akazima ndimakatchajitsa ku babashopu. Usiku ndimagula bandulo n'kufunsa ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha mafunso, kuti indithandize kukonza phunziro la mawa. Pa Chingerezi ndi masamu imandipatsako nzeru, koma Chichewa chake n'chosakanikirana, ndipo imakonda kunena kuti ndigawire mwana aliyense pepala ndi makrayoni, pamene ife choko timachita kuthyola pawiri. Ndinaganiza zogula kasipika kuti ndiziimbira ana maliwu a malembo ndi nyimbo, koma ahedi athu safuna kuona foni m'kalasi.

Ndiye ndifunse: foni ili ndi malo m'kalasi ngati yangayi, kapena ndiisiye m'chikwama? Nanga ana ngati mnyamata uja, inu mumawapeza bwanji popanda tabuleti?

Mayi aphunzitsi, Ndirande

Mwanangu, choyamba ndikuyamikire. Pali aphunzitsi amene amafika popuma ntchito asanayang'anepo kumene maso a mwana ali pamene kalasi ikuyankha. Iwe wawona uli pa TP. Ntchito imene ukufunsayo ndi imeneyo.

Ine ndinalowa m'kalasi mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana anali pafupifupi 1.9 miliyoni, n'kudumpha kupitirira 3 miliyoni. Anatitenga ambirimbiri tili ndi satifiketi ya ku sekondale yokha, maphunziro a uphunzitsi tinadzachita pambuyo kudzera mu MIITEP. Tinkaphunzitsa pansi pa mitengo, bolodi titatsamiritsa pa tsinde. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi ang'onoang'ono a muno m'tauni ine sindinakhalepo ndi ana ochepa chonchi. Ndiye vuto lakolo ndakhala nalo moyo wanga wonse, ndipo ndikuuza zimene ndimachita.

Gula kope limodzi la iwe mwini. Lembamo maina a ana onse, dzina lililonse mzere wake. Dula makatoni, a sopo kapena a mabisiketi, ulembepo malembo, maphatikizo ndi mawu ochepa. Tsiku lililonse, ana akamakopera za pa bolodi kapena akamalandira phala, itana asanu, mmodzimmodzi, uwaonetse makadi. Usatsatire ndondomeko ya m'buku, chifukwa a, e, i, o, u amaimba ngati nyimbo. Sakaniza. Ulembe pamene mwana wakakamira. Pakutha mwezi ukhala utamva kalasi yonse, ndipo udzadabwa: ena amene amakuwa kwambiri sadziwa kanthu, ena achete a kumbuyo akuwerenga kale ziganizo. Achetewo ndiwo athandizi ako. Akhazike aliyense ndi anzake atatu ovutika, uwapatse makadi.

Chachiwiri, chepetsa kuyankha kwa onse pamodzi. Nthawi zina nena kuti ayankhe mzere wa kukhoma okha, kapena atsikana okha, kapena amene maina awo amayamba ndi M. Nthawi zina aliyense alembe phatikizo pansi ndi choko kapena panja pa mchenga ndi kamtengo, iwe uzidutsa n'kumaona. Dzanja silinama ngati pakamwa. Pa masamu ana abweretse zitsekerero za mabotolo. Zimenezi ndi TALULAR imene anakuphunzitsani ija, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera, si zongolembera mayeso ayi.

Za matabuleti, ine ndilibe nawo mlandu, atabwera pathu ndikhoza kuwalandira ndi manja awiri. Koma tabuleti idzakuuza kuti mwana wakakamira pa nkhe, siidzakuuza chifukwa. Mwina samva bwino khutu limodzi. Mwina amabwera wosadya, akudikira phala basi. Mwina sitandade 1 anaiphunzira theka. Kumbukira kuti mu January 2023 sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu March namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ku Chilobwe komwe ukukhalako, m'munsi mwa phiri la Soche. Makalasi anasanduka malo ogona anthu. Ana ena obwereza amene uli nawo anadutsa mu zimenezo. Funsa mnyamatayo kuti sitandade 1 anaphunzira kuti, ndipo umuyankhule uli kumbuyo kwake kuti uone ngati akumva.

Ahedi ako usawaone ngati ankhanza. Aona aphunzitsi akuseka ndi WhatsApp ana akumenyana. Pita ukawafotokozere, ndipo sipikayo uilembe mu lesoni pulani pa zipangizo, kuti a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akabwera apeze zili m'dongosolo.

Wa ku MUBAS, Chitawira

Achemwali, ine sindine mphunzitsi, ndikuphunzira za makompyuta ku yunivesite ya MUBAS, ndiye ndiyankha mbali ya foniyo.

ChatGPT imaphunzira kuchokera m'zolembedwa zimene zili pa intaneti, ndipo za Chichewa zilipo zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi. N'chifukwa chake imapunduka ikamalemba chiyankhulo chathu. Pa phunziro la Chichewa musaidalire, buku la mphunzitsi ndi lolondola kuposa iyo. Pa maphunziro ena iuzeni zoona zake poyamba: ana oposa 100, akukhala pansi, mapepala palibe, muli ndi choko ndi zitsekerero. Mayankho ake amasintha kwambiri mukatero. Koma maina a ana, zithunzi zawo kapena nkhani za kunyumba kwawo musaikemo.

Za maliwu simukufunika bandulo. Jambulani mawu anu pa foni usiku kukakhala zii, mutchule bwinobwino liwu lililonse, musiye mpata woti ana abwereze. Sipika ikamayankhula kutsogolo, inu muli ndi mpata woyenda kumbuyo n'kumamvetsera pakamwa pa ana, monga anenera mayiwa. Mukatero mwakhala aphunzitsi awiri m'kalasi imodzi. Foni muiike pa flight mode, ahedi aone okha kuti palibe uthenga ungalowe. Mukajambula zabwino, tumiziranani ndi anzanu pa Bluetooth.

Mayi a ku Ndirande, pepani, pang'ono ndisiyana nanu. Ana asanu pa tsiku ndiye kuti mwana mmodzi mumamumva kamodzi pa mwezi. Tabuleti imamumva nthawi iliyonse akaigwira, siitopa, siikalipa, ndipo mwana wamanyazi saopa kulakwa pamaso pake. Pulogalamu imene ili m'matabuletiwo inapangidwa ndi bungwe la onebillion, ndipo inayesedwa m'sukulu za muno m'Malawi kwa zaka zingapo BEFIT isanayambe mu 2023. Ine nkhawa yanga ili kwina: tabuleti ikasweka akonza ndani, batire ikatha agula ndani, usiku alondera ndani. Sola anaganiza bwino, tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022. Koma sola nayo imafuna munthu woisamala. Aphunzitsi atsopano ngati achemwaliwa akadziwa zinthu zimenezi, matabuleti sadzaolera mu ofesi ya ahedi.

Bambo wa ana atatu, Bangwe

Ndilowererepo ngati kholo. Pakhomo panga foni ya intaneti ndi imodzi, ndipo ndimapita nayo ku ntchito ku Limbe, kubwerako kutada. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid, ana anga anathandizidwa ndi maphunziro a pa wailesi, osati intaneti. Ndiye aphunzitsi, chonde, zilizonse mungachite ndi foni muzichitire kusukulu komweko. Mukayamba kutumiza ntchito ya kunyumba pa WhatsApp, ana a osauka mwawasiya.

Chimene chandikhudza ndi mnyamata uja. Mwana wanga wamkazi anali choncho. Ankabwera kunyumba akuimba zonse za m'buku, ife n'kumati zikuyenda. Tinadzazindikira ali sitandade 5, maphunziro atayamba kukhala m'Chingerezi, kuti ngakhale Chichewa sankawerenga bwino. Palibe anatiuza. Akanatiuza ali sitandade 2, mchimwene wake wamkulu akanamakhala naye madzulo aliwonse. Aphunzitsi, auzeni amayi a mwanayo. Koma musawalembere kalata yowaitana ku ofesi, aganiza kuti walakwa ndipo akamukwapula. Apezeni pamene amagulitsira, muwauze mwaulemu kuti mwana wawo ndi wochenjera pa masamu ndipo mukufuna athandizidwe pa kuwerenga.

Wa TP, Chilobwe

Zikomo kwambiri nonse. Mayi, kope ndagula ndipo makadi ndadula. Mwa ana amene ndawamva kale, ovutika ndi ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, koma ndapezanso kamtsikana ka phee kamene kanawerenga makadi onse n'kufunsa ngati alipo ena. Mnyamata uja ndinamuitana ndili kumbuyo kwake, anatembenuka msanga, ndiye makutu ali bwino. Akuti sitandade 1 anayambira kumudzi kwa agogo ake, n'kudzabwera kuno pakati pa chaka.

Achimwene a ku MUBAS, ndajambula maliwu ndipo ahedi avomera kuti ndiyesere iwo ali pomwepo. Pa mkangano wanu ndi mayiwa, mtima wanga uli uku ndi uku. Matabuleti ndikuwafuna, ndipo mantha aja achepa. Ndaona kuti ngakhale atabwera mawa, wopita kukakumana ndi amayi a mwana ndikhala ine ndemwe. Bambo a ku Bangwe, ndipita Loweruka.

Chatsala chimodzi. TP ikatha ndibwerera ku koleji, ana awa ndiwasiya. Kodi zonsezi sizithera pomwepo?

Mayi aphunzitsi, Ndirande

Zithera pomwepo ukachoka nalo kopelo. Usadikire sabata yomaliza. Kuyambira pano, uziwaonetsa aphunzitsi a kalasiyo Lachisanu lililonse, muziona limodzi amene asuntha ndi amene akakamira, kuti alizolowere likhale lawonso. Makadi uwasiye m'katoni yolembedwa bwino, ndipo ana othandiza anzawo aja adziwe pamene amakhala. Maina a ovutika kwambiri uwakopere papepala lina, ukapereke m'manja mwa amene adzawalandire mu sitandade 3, ahedi akudziwa. Mawu wajambulawo uwatumizire aphunzitsi onse a sitandade 1 ndi 2 amene ali ndi foni.

Mwana wanga wa ku MUBAS, wanena zoona kuti kamodzi pa mwezi n'kochepa. N'chifukwa chake amene ndawapeza kuti ali m'mbuyo ndimawakhazika mzere wa kutsogolo, pafupi ndi mapazi anga, ndipo amenewo ndimawamva tsiku lililonse. Ukakhala ndi mpata pa holide, ubwere ku TDC ya kuno, komwe aphunzitsi timakumana pa maphunziro, udzatiphunzitse kujambula mawu kumeneko. Ambiri a ife mafoni tili nawo, koma timangodziwa kuimba ndi kutumiza ndalama.