Ndithandizeni: Windows XP ikukana kulowa mu VirtualBox, makina odulira masitika angokhala

Akuluakulu a pagulu pano, ndili pa Ntcheu boma, ndimalemba zikwangwani ndi kudula masitika omata pa minibasi, pa njinga za kabaza ndi pa ma jersey. Makina odulirawo ndi akale, ndinachita kugula kwa munthu, ndipo pulogalamu yake ndi ma driver zili pa CD yomwe imangodziwa Windows XP basi. Desktop imene ndinkagwiritsa ntchito inapsa magetsi atabwera mwaukali. Pano ndatsala ndi laputopu ya HP, Core i3, RAM 4GB, Windows 10 ya 64-bit. Ndikaika CD ija, setup ikukana.

Mnyamata wina wokonza mafoni anandiuza za VirtualBox, akuti XP itha kukhala mkati mwa Windows 10 ngati munthu wa lendi m'nyumba ya eni. Ndatsitsa, ndapanga machine (kompyuta yongoyerekeza ya mkati mwa VirtualBox), ndailozera ISO ya XP (fayilo yoikira XP m'malo mwa CD), koma ndikadina Start ikungolemba kuti "VT-x is disabled in the BIOS for all CPU modes". Zimenezi amakonzera pati? Nanga XP ikalowa, iwaona makinawo pa USB? Ndili ndi oda ya manambala a timu ya mpira ya ku Kampepuza, akufuna Loweruka. Bandulo nayo yatsala pang'ono, ndiye zotsitsa zikuluzikulu ayi chonde.

Wa IT pa Dedza: Achimwene, vuto limenelo si la Windows. Zimitsani laputopu, poyatsa muzidina Esc kenako F10, mulowa mu BIOS, momwe mumakhala ma settings a laputopu yeniyeniyo. Fufuzani polembedwa Virtualization Technology (ndiyo VT-x ija), pa ma HP ambiri pamakhala pansi pa System Configuration. Ikani Enabled, sevani, mutuluke. Kuti mutsimikize, tsegulani Task Manager, Performance, CPU, muona Virtualization: Enabled. Kuyambira pa version 6.1 VirtualBox siyenda popanda chimenechi.

Kabaza Original: Zovutikiranji bwana? Ingofomatani laputopuyo muikemo XP yeniyeni, nkhani yatha.

Wa IT pa Dedza: Ayi ndithu, musawasocheretse. Ma laputopu ambiri a masiku ano alibe ma driver a XP. Atsala opanda WiFi, opanda sound, mwinanso sikirini yosaoneka bwino, chonsecho kompyuta ali nayo ndi imodzi yomweyo.

Mwini funso: Zatheka, yayamba. Koma setup itangoyenda pang'ono kwabwera sikirini ya buluu, STOP 0x0000007B.

Wa IT pa Dedza: Imeneyo ndiye XP tikuidziwa ife. Inatuluka mu 2001, ndipo CD yake ilibe driver ya SATA (njira yatsopano yolumikizira hard disk), ndiye ikufunafuna hard disk osaipeza. Chotsani machine imeneyo mupange ina, pa Version musankhe Windows XP (32-bit), VirtualBox iika yokha disk pa IDE, njira yakale yomwe XP imaidziwa. Yang'ananinso pa Settings, Storage, pakhale Controller: IDE. RAM ipatseni 512MB, mukachulutsa 1GB. Osapitirira apo, chifukwa 4GB yanuyo Windows 10 imadya kale gawo lalikulu, zonse ziwiri zingayambe kukwawa. Disk ya 10GB ikwana, ndipo imakula malinga ndi zomwe mwaikamo.

XP ikalowa, pitani pa Devices, Insert Guest Additions CD image. Sizidya bandulo, zinabwera kale ndi VirtualBox. Zimenezo ndi zimene zimakuza sikirini ndi kumasula mouse. Musanaziike, mouse ikakodwa mkati dinani Ctrl ya kumanja.

Za USB: zimitsani XP, lumikizani makinawo ali oyaka, pa Settings, USB, sankhani USB 2.0. Ya 3.0 XP siidziwa. Dinani kachizindikiro ka + musankhe makina anu pamndandandapo. Ngati muli ndi VirtualBox 7, USB 2.0 ilimo kale, zakale zija ndi zomwe zinkafuna Extension Pack. Ngati pulogalamuyo ili ndi dongle, kanthu kooneka ngati flash kaja, iwonjezereninso pomwepo, apo ayi ikana kutseguka.

Madam a Computer Studies: Bambo, ine ndiwonjezere zomwe anyamatawa amaiwala. XP imeneyo isalawe intaneti. Microsoft inasiya kuitumizira zotetezera mu April 2014, ndipo mukukumbukira virus ya WannaCry ya 2017, zinafika poti Microsoft inachita kutulutsa patch yapadera ya XP ngakhale inali itaisiya. Pa Settings, Network, chotsani tick pa Enable Network Adapter. Ma design anu muzipangira pa Windows 10 n'kumaika mu Shared Folder, XP izingotola n'kudula. Ma flash a makasitomala asalowe mmenemo. Zonse zikayenda, jambulani Snapshot, kuti tsiku lina ikadzasokonekera mudzangobwerera pomwe inali bwino.

Komanso desktop yakupsayo musataye. Nthawi zambiri chimapsa ndi power supply kapena board, hard disk imatsala yamoyo. Mafayilo a makasitomala akale mwina ali momwemo.

Nabanda wa ku Lizulu: Ndikutsatira nawo. Ine ndili ndi scanner yomwe imakana Windows 11, njira ndi yomweyi?

Wa IT pa Dedza: Ndi yomweyo achemwali, bola ikhale ya USB ndipo CD ya driver muli nayo.

Mwini funso: Mulungu akudalitseni nonse. XP yalowa, ka nyimbo kake kaja kalira mpaka mwana wa pa shopu yoyandikana anabwera kudzasuzumira. Driver yalowanso, koma ndikatumiza design mpeni sukusuntha. Pulogalamu ikufuna COM1 kapena COM2, pomwe makina akuoneka pa COM3.

Wa IT pa Dedza: Ndiye kuti chingwe chanu ndi cha USB to serial. Mkati mwa XP tsegulani Device Manager, Ports, dinani kawiri pa COM3 yo, Port Settings, Advanced, musinthe nambala ikhale COM1. Bits per second ifanane ndi yomwe ili pa makinawo, ambiri amakhala pa 9600. Yesani kaye pa kachidutswa kotsala, osati pa vinyl ya anyamata a ku Kampepuza.